Pemphero, mphakati ndi malo a munthu wokalamba kumadzulo kwa Lilongwe

M'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, kuyambira ku Mpingu ndi Namitete m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji mpaka ku Nsaru ndi Kabudula, ukalamba umafika m'njira ziwiri. Mlimi wa chimanga, mtedza ndi fodya sakhala ndi tsiku lolekera ntchito, chifukwa khasu amalitula pang'onopang'ono, mizere yake ikumka nichepa chaka ndi chaka mpaka msana ndi mawondo zitakaniratu. Koma mphunzitsi, wapolisi, namwino, mlangizi wa zaulimi kapena kalaliki wa ku Capital Hill amachita kulandira kalata, ndipo akakwanitsa zaka 60, zomwe ndi zaka zopumira pa ntchito m'boma, amabweza makiyi a nyumba ya boma n'kukweza katundu pa lole kubwerera kumudzi kumene mwina anachokako ali wachinyamata. Anthu awiriwa amadzakumana pa benchi limodzi m'tchalitchi, ndipo ngakhale matumba awo amasiyana, chimene chimawasowetsa tulo chimafanana: tsiku lawatalikira, anzawo amsinkhu umodzi akutha, ndipo sakudziwanso bwino kuti pamudzi akufunika pa chiyani.

Nkhani ya ndalama ndiyo imakambidwa kwambiri, ndipo m'pomveka. Lamulo la penshoni la 2011 linakakamiza olemba ntchito kusonkhera wantchito aliyense 10 peresenti ya malipiro ake, iye mwini n'kuwonjezerapo 5 peresenti, ndipo lamulo latsopano linalowa m'malo mwake mu 2023. Kwa amene sanalembedwepo ntchito, omwe ndiwo ambiri kumudzi, pali ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayesedwa koyamba mu 2006 m'boma loyandikana ndi Lilongwe la Mchinji ndipo imafikira mabanja ochepa okha, osaukitsitsa ndi osowa wowagwirira ntchito. Ndalama zimenezi zimagula malata, feteleza ndi sopo, koma sizimuuza munthu chifukwa chodzukira m'mawa, ndipo apa ndi pamene zizolowezi za chikhristu, zimene mipingo ya m'derali yakhala ikuphunzitsa kwa zaka zoposa 100, zimaonetsa ntchito yake.

Kuti vutoli limveke bwino m'pofunika kukumbukira mmene Achewa amakhalira. Pa chikamwini, mwamuna amakamanga kwawo kwa mkazi, ndipo ana amawerengedwa kuti ndi a mbumba ya mayi wawo, imene mwini wake ndi malume; pa chitengwa ndi pamene mkazi amatengedwa kupita kwawo kwa mwamuna, abale ake atalola. Bambo amene wakhala zaka 30 m'nyumba za boma ku Area 18 kapena ku Kasungu anaizemba nkhani imeneyi nthawi yonseyo, koma pa tsiku lopuma imamupeza. Akapita kwa mkazi wake ndi mkamwini, ngakhale anali mphunzitsi wamkulu wolamulira ana mazanamazana, ndipo mkaziyo akatsogola kumwalira malo ake pamudzipo amagwedezeka. Akapita kwawo amapeza minda inagawidwa kale kwa alongo ake ndi ana awo, amene amamulandira ndi ulemu koma ndi diso lina pa ndalama zake zopumira. Mayi wopuma pa ntchito amavutika mocheperako pa nkhani ya malo, koma iye amapeza khonde lodzaza ndi adzukulu amene makolo awo ali m'tauni, ku Joni kapena kumanda. Mpingo ndi amodzi mwa malo ochepa pamene munthu wotere amalandiridwa popanda kufunsidwa kuti ndi wa mbumba iti, popeza chimene amafunsidwa ndi kalata yosamukira yochokera ku mpingo wake wakale.

Chizolowezi choyamba, chimene chimaoneka chaching'ono, ndi kupemphera pa nthawi yake yoikika. Ntchito yolembedwa imagawa tsiku ndi belu, ndipo belulo likachoka munthu amatha kudzuka mochedwa, kukhala pakhonde ndi wailesi, n'kupezeka kuti masana ali kale pa kachasu. Akhristu a CCAP a Sinodi ya Nkhoma, imene mizu yake ndi mishoni ya Dutch Reformed Church yomwe inayambira ku Mvera mu 1889 n'kufika ku Nkhoma mu 1896, anazolowera kuwerenga ndime ya Baibulo tsiku lililonse motsogozedwa ndi kabuku ka Mlozo, ndipo ambiri mwa okalamba awo sasiyana ndi Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922 ndipo chilankhulo chake ndi chimene anakulira nacho, ngakhale kuti Buku Loyera la 1998 ndi losavuta kwa achinyamata. Akatolika ali ndi mapemphero a m'mawa ndi a madzulo komanso kolona, imene ndi pemphero lobwerezabwereza lowerengedwa pa mikanda, ndipo ubwino wake kwa munthu wokalamba ndi woti silifuna maso kapena kudziwa kuwerenga. Maso akayamba kuchita khungu, mdzukulu wa pasukulu ndi amene amawerengera agogo ake, ndipo pamenepa pamabadwa kucheza kumene sikukanachitika mwanjira ina. Mawailesi a mipingo, monga Radio Maria ndi Radio Alinafe ya Arkidayosizi ya Lilongwe, amathandiza kusunga nthawi za pemphero m'nyumba zimene mulibe wowerenga, ngakhale kuti wailesi siyankha munthu akaidandaulira.

Baibulo lenilenilo silibisa mantha a ukalamba. Salimo 71 ndi pemphero la munthu wa imvi amene akuopa kutayidwa mphamvu zake zikatha, ndipo Uthenga Wabwino wa Luka, pa mutu wachiwiri, umaonetsa okalamba awiri, Simeoni ndi Anna, ngati anthu amene anazindikira mwana Yesu m'Kachisi. Mlaliki amene amadumpha ndime zotere n'kumangolalikira za kutukuka ndi kupeza chuma amasiya mabenchi akutsogolo, pamene okalamba amakonda kukhala chifukwa cha makutu, opanda chowadyetsa.

Komabe pemphero la munthu payekha silikwanira, ndipo chizolowezi chimene chili ndi mphamvu zoposa ndi kusonkhana m'timagulu ta pamudzi mkati mwa sabata. Kwa Akatolika kagulu kotere ndi mphakati, kutanthauza mabanja angapo oyandikana amene amakumana pakhomo pa mmodzi wa iwo kuti awerenge Mawu, apemphere ndi kukambirana mavuto a m'dera lawo. Dayosizi ya Lilongwe ili ndi mbiri yapadera pa nkhaniyi. Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, anatsogolera msonkhano waukulu wa dayosizi kuyambira 1973 mpaka 1975, umene unakhazikitsa miphakati ngati maziko a moyo wa mpingo, pa nthawi imene maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, kudzera m'bungwe lawo la AMECEA, ankalimbikitsanso njira yomweyi. Boma la Kamuzu Banda linakayikira timagulu timeneti poganiza kuti ndi ndale zobisika, ndipo Kalilombe anachoka m'dziko muno mu 1976, koma miphakati inatsala, ndipo lero m'maparishi monga Namitete ndi Nambuma ndiyo imadziwa amene wadwala, amene wafedwa ndi amene nyumba yamugwera. Ku CCAP ntchito yofananayo imagwiridwa ndi mapemphero a m'milaga, pansi pa mkulu wa mpingo wa dera limenelo, komanso ndi Chigwirizano cha Amayi, chimene chinayamba mu 1940 ndipo mbiri yake anaifotokoza Isabel Apawo Phiri m'buku lake la 1997 lonena za amayi achichewa m'Sinodi ya Nkhoma.

Mphamvu ya kagulu kotere yagona pa kuchepa kwake. M'tchalitchi cha anthu mazanamazana munthu akhoza kujomba masabata atatu popanda wozindikira, koma pa mphakati wa mabanja khumi ndi awiri mpando wopanda munthu umaonekeratu, ndipo mawa lake wina amakagogoda. Akatswiri a zaumoyo afika pa mfundo yomweyi kudzera njira yawo, moti mu 2023 bungwe la World Health Organization linakhazikitsa komiti yapadera yoona za kusungulumwa, litazindikira kuti munthu wokhala yekhayekha amadwala ndi kufa msanga kuposa amene ali ndi anzake. Mphakati uli pafupi, sufuna ndalama ya kabaza, ndipo umasinthasintha makomo, zomwe zimachititsa kuti wokalamba naye akhale ndi tsiku lake lolandira alendo, kusesa pabwalo ndi kuyala mphasa. Ulemu wa kulandira alendo ndi umene munthu wongopatsidwa zinthu amausowa kwambiri.

Wopuma pa ntchito amabwera m'timagulu timeneti ndi luso limene mudzi umalifuna. Amadziwa kulemba maminitsi, kusunga buku la ndalama za mpingo kapena za banki m'khonde, kulemba kalata yopita kwa DC, kuphunzitsa kalasi la obatizidwa ndi kumasulira pepala la kuchipatala. Mpingo ukamupatsa udindo wotere umamubwezera chimene kalata yopumira inamulanda. Pali ngozi yake, imene aliyense wokhala m'komiti ya mpingo amaidziwa: munthu wozolowera kulamulira ofesi amafuna kulamulira ndi mphakati womwe, amadzudzula mlaliki wosaphunzira pa katchulidwe ka mayina, ndipo akakhala pa mpando safuna kuchokapo. Buku lachiwiri la Samueli, pa mutu 19, limasimba za Barizilai, munthu wachuma wa zaka 80 amene anathandiza Davide pa nthawi ya mavuto, koma ataitanidwa kukakhala kunyumba yachifumu ku Yerusalemu anakana chifukwa cha ukalamba wake natumiza wachinyamata m'malo mwake. Kusiya udindo pa nthawi yake ndi kuphunzitsa wolowa m'malo nachonso ndi chizolowezi chachikhristu, ngakhale kuti sichilalikidwa kawirikawiri. Mipingo nayo ili ndi pokonza, chifukwa pamene masande a zopereka zapadera achuluka, mayina ndi ndalama zikuwerengedwa pagulu, wopuma pa ntchito amene anthu amamuyesa wachuma amayamba kujomba chifukwa cha manyazi, penshoni yake itadyedwa kale ndi kukwera mtengo kwa zinthu.

Kuyendera odwala ndi chizolowezi china chimene chimapindulira woyenderayo mofanana ndi woyenderedwa. Gulu la Lejio ya Maria, limene linayambira ku Dublin mu 1921, limafuna kuti membala aliyense agwire ntchito yachifundo sabata iliyonse ndi kudzapereka lipoti kwa anzake, ndipo amayi a Chigwirizano amadziwika ndi kutunga madzi, kuphika phala ndi kuchapa pakhomo pa wodwala. Ku Namitete mwambo umenewu unakumana ndi chipatala. Chipatala cha St Gabriel, chimene chinayambitsidwa mu 1959 ndi masisitere a chipani cha Karimeli ochokera ku Luxembourg, chinamanga gulu la anthu odzipereka a m'midzi oyendera odwala matenda a mgonagona m'makomo mwawo, ndipo mu 2008 wophunzira wa ku America Josh Nesbit anapatsa odziperekawo mafoni kuti azitumiza mauthenga kuchipatala m'malo moyenda mitunda, ntchito imene pambuyo pake inafalikira ku mayiko ena. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa mabenchi a pafupi ndi zipatala za ku Harare n'kumamvetsera anthu opsinjika mumtima, m'ndondomeko yotchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti anthu ambiri ankapeza bwino. Zitsanzo ziwirizi zikusonyeza kuti nthawi ndi khutu loleza, zimene okalamba ali nazo zambiri, ndi chuma chimene zipatala zenizeni zimachisowa.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya kukhululukirana. Munthu akafika zaka 70 amakhala atasenza milandu yosatha: malire a munda, ng'ombe za malemu, mwana amene anaphunzitsidwa n'kuiwala kwawo, m'bale amene sanabwere pa maliro. Usiku wa wokalamba ndi wautali, ndipo milandu yotereyi ndiyo imabwera tulo tikathawa. Sakramenti la kulapa kwa Akatolika, ndi mwambo wa CCAP woti munthu ayanjane ndi mnzake asanayandikire Mgonero wa Ambuye, zimapereka nthawi ndi njira yotulira katundu ameneyu, ndipo nthawi zambiri mkulu wa mpingo kapena wapampando wa mphakati ndi amene amakhazika pansi anthu awiri omwe paokha sakanayanjana. Kuyanjana kumeneku kuli ndi mbali yake ya pepala. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa womwalira ndipo limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, koma pamudzi pamene mwambo umati wolowa chuma ndi mwana wa mlongo pomwe lamulo likuti ndi ana obereka, wokalamba amene walemba wilo ndi kufotokozera abale ake akadali ndi mphamvu amakhala wazimitsa moto usanayake. Ambiri amaopa kuti kulemba wilo ndi kudziitanira imfa, ndipo mpingo umene umaphunzitsa kuti imfa si mathero uli pamalo abwino othetsera mantha amenewo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimatha kugwetsa zonsezi tsiku limodzi, ndicho kunamiziridwa ufiti. Wokalamba wokhala yekha, wa maso ofiira ndi utsi wa nkhuni, wolankhula yekha kapena wosochera usiku, ndi amene amalozedwa chala mwana akamwalira mwadzidzidzi. Zambiri mwa zizindikiro zimenezi ndi za matenda a muubongo oiwalitsa, amene amagwira ena mwa anthu okalamba ndipo amachititsa munthu kuiwala mayina a ana ake, njira ya kwawo, ngakhale kuvala. Mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno mphezi itapha mtsikana wa m'mudzi mwawo, ndipo bungwe la MANEPO, limene limagwirizanitsa mabungwe oimira anthu okalamba m'Malawi, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za kuphedwa ndi kuzunzidwa kotere. Lamulo la ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Zoona zake n'zakuti ena mwa oloza chala amatuluka m'mapemphero momwemo, mneneri atawauza kuti amene akutseka mwayi wawo ndi agogo akumudzi. Gogo amene amadziwika pa mphakati kapena pa Chigwirizano amakhala ndi mboni zomuyankhulira kwa nyakwawa zinthu zisanafike poipa, pomwe amene anadzipatula alibe womuimira.

Pemphero lili ndi malire amene mpingo wanzeru umawavomereza. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga ndi matenda ofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndipo wokalamba amene wauzidwa kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro amakhala pa ngozi ya kufa ziwalo. Kusala kudya nakonso kuli ndi msinkhu wake, moti malamulo a Mpingo wa Katolika amamasula munthu ku lamulo la kusala akangolowa chaka chake cha 60. Chimodzimodzi, chisoni chimene chatenga masabata ambiri, munthu osadya, osagona, osafuna kuona anthu kapena kumalankhula zofuna kufa, si kuchepa kwa chikhulupiriro koma ndi matenda ochizika, ndipo thandizo limayambira pa chipatala chapafupi monga cha Kabudula kapena St Gabriel, kumene angathe kutumiza wodwala kwa akatswiri a ku Lilongwe, kuphatikizapo a St John of God. Woyendera odwala amene amadziwa kusiyanitsa nthawi yopemphera ndi nthawi yofuna njinga yopita kuchipatala ndi wofunika kuposa wodziwa nyimbo zambiri.

Zizolowezi zonsezi zimadalira miyendo, ndipo imafika nthawi imene miyendo imakana. M'nyengo ya dzinja, madambo a ku Kabudula ndi Nsaru akadzaza madzi ndipo njira zasanduka matope, wokalamba amene kale ankafika woyamba kutchalitchi amatha miyezi osatuluka pakhomo. Apa udindo umatembenuka, ndipo mpingo ndi umene uyenera kuyenda. Akatolika ali ndi atumiki opititsa Ukalistia kwa odwala ndi sakramenti la kudzoza odwala, limene kuyambira pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican limaperekedwa kwa wodwala kwambiri kapena wofooka ndi ukalamba osadikira kuti afike pomwalira, ngakhale kuti mabanja ambiri amaopabe kuitana wansembe poganiza kuti akutsanzika. Abusa a CCAP nawo amapititsa Mgonero m'makomo mwa okalamba, koma mbusa mmodzi wokhala ndi nthambi zambiri sangafike paliponse kawirikawiri, kotero kuti ntchito yeniyeni imatsalira akulu a mpingo ndi amayi.

Mu 2021 Papa Francis anakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba, lokumbukiridwa Lamulungu lachinayi la Julayi pafupi ndi chikondwerero cha Yoakimu ndi Anna oyera, ndipo bungwe la United Nations lili ndi tsiku lake pa 1 Okutobala. Masiku otere amabweretsa mabulangete, shuga ndi zolankhula, zimene wokalamba amazilandira ndi manja awiri, koma amafikira makamaka amene atha kuyenda kukafika pamwambopo. Amene ali chigonere amadalira gulu la oyendera odwala, ndipo gulu limeneli m'midzi yambiri ndi la amayi amene nawonso adutsa zaka 60, akulera adzukulu ndipo ali ndi minda yoti alime. Amuna, amene ndiwo ambiri mwa olandira penshoni komanso amene amasowa chochita kwambiri akabwerera kumudzi, amaoneka pa maliro, pa misonkhano ya komiti ndi pa zomangamanga, koma ndi ochepa amene amakhala pa mphasa pafupi ndi mwamuna mnzawo wodwala kuti amumete, amusambitse kapena amuwerengere Salimo, ntchito zimene mwambo sulola kuti mayi wa banja lina amuchitire.